Kodi mnzanga ndimutengere kuti Loweruka madzulo?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba. Iye anafotokoza kuti mnzake wa kusukulu, yemwe sanaonane naye kwa zaka 7, akubwera mumzinda kumathero a sabata, ndipo agwirizana zokadyera limodzi chakudya chamadzulo Loweruka. Funso lake linali lakuti: "Malesitilanti achuluka, pa intaneti aliyense akudzitamandira, ndipo sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa mnzanga. Kodi malo abwino ndingawadziwe bwanji ndisanapiteko?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndikuona kuti mwayamba ndi kufufuza kumene kuli chakudya chokoma kwambiri, ndipo ambiri timayambira pomwepo, koma ine ndikupemphani kuti muyambire pa mnzanuyo. Anthu awiri amene atha zaka 7 osaonana sakumana chifukwa cha njala. Akukumana kuti acheze, afunsane za ana ndi za makolo, aseke zakale, mwinanso wina aulule chimene chakhala chikumudya mumtima. Lesitilanti yoyenera madzulo oterowo ndi imene mungamvane mukamayankhula, imene sakuthamangitsani mukangomeza nthongo yomaliza, ndiponso imene bilu yake siingasowetse mtendere aliyense wa inu. Chakudya chiyenera kukoma ndithu, koma malo ophika bwino mumzinda ndi ambiri kuposa malo ochezeka bwino, choncho chosowacho ndi chimene muyenera kuyamba kusaka.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanira mnzanga wina ku lesitilanti imene inali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo. Chakudya chinali chokoma, sindinganame. Koma anatikhazika pa katebulo ka pakona, pansi penipeni pa sipika, ndipo kumsana kwanga kunali chitseko cha kukhitchini chimene chinkangoti gwa, gwa, nthawi iliyonse woperekera zakudya akamadutsa ndi mbale. Mnzangayo ankayankhula atawerama pa tebulo, ine n'kumayang'anitsitsa milomo yake, n'kumagwedeza mutu ndikaona kuti wafika kumapeto kwa mawu ake. Titatuluka panja, tili chiimire kudikira galimoto, m'pamene anandiuza kuti ntchito inamuthera mwezi wapitawo, ndipo kuti ali m'katimo anayesa kawiri konse kuyamba nkhaniyo koma ine ndinangomwetulira ngati wandiuza nthabwala. Mpaka lero sindikumbuka chimene tinadya tsiku limenelo.

Phokoso la m'lesitilanti lili ndi kakulidwe kake. M'chaka cha 1911, dokotala wina wa makutu ndi pakhosi wa ku France, dzina lake Étienne Lombard, anafotokoza kuti munthu akakhala pamalo aphokoso amakweza mawu mosadziwa n'komwe. Ndiye taganizirani chipinda cha matebulo 30: tebulo limodzi likakweza mawu kuti lipose nyimbo, loyandikana nalo limakwezanso kuti lipose anzawowo, ndipo pofika pakati pa madzulo aliyense akukuwa popanda amene anafuna kukuwa. Kucheza wamba kumakhala pa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 60, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 10 okha khutu limamva ngati lawirikiza kawiri. Kamangidwe ka chipinda nako kamathandizira. Simenti, matailosi, magalasi akuluakulu ndi denga lopanda siling'i zimabweza mawu, pamene makatani, nsalu za pa tebulo, kapeti ndi mipando ya khushoni zimawameza. Chomvetsa chisoni n'chakuti malo ooneka amakono, amene amatuluka bwino pa chithunzi, nthawi zambiri ndi omwe ali ndi zinthu zobweza mawu zokhazokha.

N'chifukwa chake, ngati nthawi ilipo, kayendereni malowo nokha Lachisanu madzulo, ngakhale mutasungitsa kale tebulo, pa ola lomwe mukufuna kudzafika mawa lake, pakuti lesitilanti ya Lachiwiri masana ndi ya Loweruka usiku zimasiyana ngati malo awiri. Simukuyenera kudya. Imani pakhomo mphindi ziwiri, muone ngati anthu akhala motakasuka kapena akuweramirana kuti amvane, muone mpata umene uli pakati pa matebulo, muonenso ngati pakhoma pali wailesi yakanema yoonetsa mpira kapena pakona pali zida za oimba. Yang'ananinso nkhope za ogwira ntchito. Woperekera zakudya amene akuthamanga yekha pakati pa matebulo 12, thukuta lili kamukamu, akukuuzani kale kuti mawa mudzadikira.

Tsopano tibwere pa ndemanga za pa intaneti, zimene mwati zakusokonezani. Zimathandiza, koma musazikhulupirire ndi mtima wonse. M'chaka cha 2017, mtolankhani wina wa ku London, Oobah Butler, analembetsa pa TripAdvisor, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalemba ndemanga za malo odyera ndi ogona, lesitilanti yotchedwa The Shed at Dulwich, imene kwenikweni inali kanyumba ka kuseri kumene iye ankakhala. Anzake ankalemba ndemanga zabodza zoyamikira, zithunzi za zakudya anazikonza ndi zinthu zosadyedwa monga thovu lometera ndevu, ndipo aliyense woimba foni ankauzidwa kuti malo adzaza. Patangotha miyezi ingapo, malo amene anali asanaphikirepo mlendo ngakhale mmodzi anafika pa nambala 1 mwa malesitilanti oposa 18,000 a mumzindawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu wa masiku ano ndi chithunzi cha pa foni.

Ine ndemanga ndimaziwerenga motere. Olemba ndemanga amapatsa malo nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, koma nyenyezi 5 zochokera kwa anthu 9 sindiziwerengera kwenikweni, chifukwa anthu 9 akhoza kukhala abale a mwini malo, koma nyenyezi 4 ndi kachidutswa zochokera kwa anthu mazana angapo zimandiuza kanthu. Ndimayamba ndi ndemanga za miyezi itatu yapitayi, popeza wophika wamkulu akachoka khitchini imasintha ngakhale dzina la pakhomo likhale lomwelo. Kenaka ndimadumpha otamanda kwambiri ndi okwiya kwambiri, n'kuwerenga a nyenyezi 3, amene kawirikawiri amanena chimene chinakoma ndi chimene chinalakwika popanda kukokomeza. Dandaulo la munthu mmodzi likhoza kukhala tsoka la tsiku limenelo, koma anthu asanu osadziwana akadandaula kuti anadikira ola lathunthu, ndiye kuti ndi khalidwe la malowo. Ndimaonanso mmene mwini malo amayankhira odandaula, pakuti amene amalalatira kasitomala pagulu sangakupepeseni nyama ikabwera yosapsa.

Mwina munamvapo za nyenyezi za Michelin, ndipo mwina mukuganiza kuti kulemekeza mnzanu n'kumutengera kumalo otero. Buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa malesitilanti ophika bwino kwambiri, linayamba mu 1900 ku France, ndipo analiyambitsa ndi abale awiri opanga matayala, André ndi Édouard Michelin, pofuna kuti eni magalimoto aziyenda maulendo ambiri. Nyenyezi anayamba kupereka mu 1926, ndipo oyendera ake amadya mosadziwika n'kulipira okha. Koma bukuli limayendera mayiko ndi mizinda ina yokha, moti kusapezekamo sikutanthauza kuti malo ndi oipa. Komanso nyenyezizo zimayeza za m'mbale, sizilonjeza kuti mukacheza bwino. Malo ena apamwamba amabweretsa timbale tambirimbiri motsatizana, ndipo kalikonse kamabwera ndi woperekera amene amaima n'kufotokoza, moti nkhani yanu imadukaduka usiku wonse.

Menyu muione musanapite, ndipo malo ambiri amaiika pa intaneti kapena pakhomo. Menyu ya masamba 10, yokhala ndi zakudya za mayiko asanu, imandikayikitsa, chifukwa khitchini imodzi singasunge zinthu zatsopano zokwanira mitundu yonseyo, ndipo zambiri zimakhala zikudikira mufiriji. Menyu yaifupi imasonyeza kuti ophika akudziwa chimene amachitha. Onaninso ngati mitengo yalembedwa, ngati msonkho uli kale m'kati, komanso ngati pali ndalama ina imene amawonjezera pa bilu chifukwa chokutumikirani. Anthu ambiri amawerengera mtengo wa chakudya chachikulu chokha, n'kuiwala kuti zakumwa, zoyambira ndi zotsekemera zikaphatikizana zimatha kufanana nacho.

Za ukhondo sinditalikitsa. Kukhitchini sangakulowetseni, koma kuchimbudzi mungalowe, ndipo malo amene alephera kuika sopo pamene alendo akuona sindikhulupirira kuti amasamala kumene alendo saona. Ngati ndi malo odzitengera nokha chakudya m'miphika yoyalidwa pa tebulo, kumbukirani malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda maola oposa 2, chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60 Celsius, ndipo chozizira pansi pa madigiri 5. Mukavundukula chivundikiro nthunzi osatuluka, chisiyeni.

Pali chinthu china chimene m'kalata yanu simunachitchule, ndipo ndikuganiza kuti n'chachikulu kuposa ndemanga zonse: kodi mnzanuyo mwamufunsa? Safunsa anadya phula. Munthu amene munkadya naye chilichonse muli kusukulu mwina lero ali ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi, mwina analeka nyama, mwina chipembedzo chake chimamuletsa zakudya zina, mwina analeka mowa ndipo sangamasuke pamalo pamene fungo lake lili ponseponse. Palinso ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena zamoyo zina za m'nyanja, moti kadontho kokha kakhoza kuwathamangitsira kuchipatala. Uthenga waufupi wofunsa ngati pali chimene sadya umatha zonsezi, ndipo munthu amamva kuti mwamuganizira. Musamufunse kuti akufuna kupita kuti, chifukwa mlendo adzangoti kulikonse. Musankhireni malo awiri, mufotokoze mwachidule kusiyana kwake, iye aloze amodzi.

Nkhani ya ndalama nayo ithe musanakhale pansi. Simukudziwa mmene zinthu zikumuyendera mnzanuyo, ndipo iyenso sakudziwa za inu. Ngati mukufuna kulipira zonse, nenani poyera pomuitana kuti ulendo uno ndi wanu, kuti asakhale akuwerengera mitengo chamumtima n'kuitanitsa chotchipa kwambiri pa menyu uku akunamizira kuti sakumva njala. Ngati aliyense adzalipira zake, mutumizireni menyu aone yekha. Ndipo ngakhale mukulipira ndinu, musasankhe malo odula mopitirira, chifukwa mnzanu adzayamba kuganiza za mmene adzabwezere, ndipo mphatso imasanduka ngongole. Ine ndimasankha malo amene ndikudziwa kuti tonse awiri tikhoza kulipira popanda kugona ndi nkhawa.

Mukasankha, imbani foni kuti musungitse tebulo, makamaka pofika Lachitatu kapena Lachinayi, popeza Lachisanu ndi Loweruka ndiwo masiku amene malesitilanti amadzaza kwambiri. Ndimakonda kuimba kusiyana ndi kudzaza fomu pa intaneti, chifukwa mayankhidwe a pa foni amandionetsa mmene adzandilandirire. Funsani ngati usiku umenewo kuli oimba kapena phwando la gulu lalikulu. Funsani ngati tebulo lili ndi malire a nthawi, pakuti malo ena otanganidwa amakupatsani ola limodzi ndi theka kapena maola awiri kenaka n'kubweretsa bilu musanaiitanitse. Funsani nthawi imene khitchini imatseka, ndiponso njira zolipirira zimene amalandira, kuti musadzatulutse khadi pamalo pamene makina ake sagwira ntchito. Pomaliza pemphani tebulo la kukhoma, kutali ndi sipika, ndi chitseko cha kukhitchini, ndi njira ya kuchimbudzi. Ambiri amaopa kupempha zimenezi poganiza kuti aoneka ovuta, chonsecho wolandira alendo amangolemba m'buku mwake, ndipo tebulo loipa limagwera amene sananene kanthu.

Ola lofikira nalo lili ndi ntchito. Mukafika khitchini isanapanikizike, chakudya chimabwera msanga, operekera amakhala asanatope, ndipo mumayamba kucheza chipinda chikadali chete. Ganiziraninso za pobwerera, makamaka poti mnzanuyo ndi mlendo mumzindamo: kodi pali poimika galimoto powala bwino, kodi takisi imapezeka mosavuta usiku, nanga kuchokera kumene iye akugona ndi mtunda wautali bwanji? Malo abwino amene ali kutsidya lina la mzinda amakudyerani ola lonse pamsewu, ola limene mukanakhala mukucheza.

Ndipo sungani m'foni nambala ya malo achiwiri amene ali pafupi, oti mungafikeko wapansi. Dzina lanu likhoza kusowa m'buku la osungitsa malo, magetsi akhoza kuzima, kapena mukhoza kupeza kuti gulu la anthu 40 likukondwerera tsiku lobadwa pafupi ndi tebulo lanu. Zikatero musakangane ndi wolandira alendo mnzanu akuonerera. Thokozani, tulukani, ndipo nkhani ya zaka 7 ija muiyambire m'njira popita kumalo enawo.