Ganyu ndi pogona mukamayenda kunja ndi chikwama kumsana

Achimwene, mwafunsa kuti munthu woyenda m'mayiko akunja ndi chikwama chake kumsana amapeza bwanji ganyu ndi pogona, poti ndalama zomwe mwasunga zingokwanira miyezi iwiri. Mwachita bwino kufunsa musanagule tikiti, paja safunsa anadya phula. Ine ndinayendapo motere kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndiye zomwe ndikuuzani pano ndinaziona ndi maso angawa.

Musayambe n'kusaka ntchito ayi. Yambani ndi viza. Ambiri amapunthwa pomwepa, chifukwa viza ya mlendo wongodzaona malo siikulolani kugwira ntchito, ngakhale yotsuka mbale. Imene achinyamata oyendayenda amaithamangira ndi ya Working Holiday, yolola kucheza uku mukugwira ntchito, yomwe mayiko ngati Australia ndi New Zealand amapereka. Ya ku Australia ndi ya anthu a zaka 18 mpaka 30, kapena 35 kwa nzika za mayiko ena ochepa, ndipo imatha pakapita chaka. Amene akufuna chaka chachiwiri amayenera kugwira masiku 88 pa ntchito zosankhidwa ndi boma, monga kuthyola zipatso m'minda ya kutali ndi mizinda ikuluikulu. Koma vizayi si ya aliyense. Imadalira mgwirizano wa dziko lanu ndi dzikolo, ndipo mapasipoti a mayiko ambiri a mu Africa sali pa mndandandawo. Lowani pa webusaiti ya boma la dziko lomwe mukufuna kupitako, muwerenge nokha. Dobadoba akakuuzani kuti "ndipatseni kenakake ndikukonzerani", muthaweni. Ku Ulaya nako, m'mayiko a Schengen, omwe anthu amadutsa malire a pakati pawo momasuka, mlendo amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse, ndipo masikuwo ndi ongocheza.

Pali njira ina yomwe anthu amaitchula kwambiri, yosinthanitsa thukuta ndi bedi. Pa mawebusaiti a Workaway, HelpX kapena Worldpackers mumapeza mabanja ndi mahositelo ofuna wowathandiza, kawirikawiri maola anayi kapena asanu patsiku, masiku asanu pa sabata, iwo n'kukupatsani pogona, nthawi zina ndi chakudya chomwe. Ina yotere ndi WWOOF, yomwe inayambira ku England mu 1971, ndipo ndi ya m'minda yolima mosathira mankhwala. Njirayi ndimaikonda chifukwa inandipulumutsa thumba litayamba kupepuka. Komabe musaganize kuti poti simulandira ndalama ndiye kuti si ntchito. A imigireshoni m'mayiko ena, monga United States ndi United Kingdom, akhoza kuiwerenga ngati ntchito ndithu, n'kukubwezani pa bwalo la ndege pomwepo.

Ine ndinakhala milungu isanu ndi umodzi pa hositelo ina ndikuyalula ndi kuyala mabedi. Alendo ankatuluka cha m'ma 10 koloko m'mawa, ine n'kulowa m'zipinda za mabedi osanjikizana, kusenza mtolo wa nsalu zakuda kutsika nawo masitepe, kukolopa mabafa, pofika 2 koloko ndaweruka. Bedi langa linali lam'mwamba, pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense wobwera usiku ankandidzutsa. Tinagwirizana maola anayi, koma sabata yachitatu anali atakwana asanu ndi awiri, chifukwa mwini wake ankangoti "tathandizani pang'ono pa risepushoni". Ndinalakwitsa posalemba pangano lathu. Inu muzigwirizana polemberana uthenga musanafike: maola angati, tsiku lopuma ndi liti, mugona chipinda cha anthu angati. Uthengawo muusunge.

Za pogona, lipiriranitu masiku atatu kapena anayi oyamba basi, kudzera pa webusaiti ya Hostelworld kapena Booking.com, ndipo werengani ndemanga zaposachedwa za amene anagonapo, makamaka zodandaula. Masiku amenewo ndi oti muphunzire mzindawo. Khitchini ya pa hositelo ndiye msika wa nkhani. Madzulo anthu akamaphika mumamva kuti famu yakutiyakuti ikufuna anthu, bwana uje salipira pa nthawi yake, mnzathu uyu akunyamuka Lachisanu ndipo chipinda chake chitsala. Ganyu wanga wabwino koposa ndinamumvera pomwepo, kwa mtsikana wina amene tinkabwerekana poto. Musaiwale kaloko kanu kotsekera kabati, ndi timphira totseka m'makutu.

Chipinda cha lendi musachilipire dipoziti musanachione ndi maso, musanagwire kiyi. Akamberembere amaika zithunzi zokongola pa Facebook, n'kunena kuti ali kunja kwa dziko, mutumize ndalama kiyi akutumizirani. Nyumbayo kulibe. Chenjeraninso ndi mahositelo amene amalonjeza kukupezerani ntchito ya kumunda bola muzigona kwa iwo. Alipo achilungamo, koma ena amakusungani milungu mukulipira bedi, ntchito akuti "iyamba mawa", mpaka ndalama yobwererera itatha.

Chomwe chimandiwawa mumtima kwambiri ndi cha pasipoti. Bwana, mwini nyumba, kapena amene wakupezerani ntchito alibe ufulu wokusungirani pasipoti yanu. Akafuna, muwapatse fotokope. Munthu wopanda pasipoti sangachoke, ndipo amene alibe chilolezo chogwira ntchito amaopa kukadandaula akamudyera masuku pamutu. Anthu oipa amazidziwa bwino zimenezi. Pamene mapepala anu ali bwino, muli ndi kothawira. Ku Australia kuli ofesi ya Fair Work Ombudsman yomwe imamva madandaulo a antchito, alendo omwe.

Pa ndalama zanu za miyezi iwirizo, patulani ya tikiti yobwererera ndi ya inshulansi ya chipatala, muziyese ngati palibe. Onaninso kuti pasipoti yanu yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe, poti mayiko ambiri amafuna zimenezo pachipata. Tandiuzani pasipoti yomwe muli nayo, zaka zanu, ndi dziko lomwe mukulozera, ndikuthandizeni kuona viza yomwe ingakuyenereni.