Funsani Dokotala: Kodi kadontho kamodzi kangaulule matenda?

Funso: Adokotala, bambo a kunyumba akhala akutsokomola kwa milungu itatu ndipo usiku amadzuka atanyowa thukuta. Ku kiliniki anapereka makhololo, anati apimidwa ndi makina a GeneXpert. Pepala linabwera litalembedwa Invalid, ndiye akuti akaperekenso. Kabokosi kakang'ono ngati kaja kangaone bwanji TB, nanga mawu amenewa akutanthauza chiyani? Ndine mayi wa ku Mufakose.

Yankho: Mayi, pepalalo silikunena kuti bambo ali ndi TB, komanso silikunena kuti alibe. Likungonena kuti kupimako sikunatheke. Akaperekenso mawa lomwe.

Matenda alionse amasiya mapazi m'thupi, monga nyama imasiyira pa dambo. Mapaziwo akhoza kukhala DNA ya kachilombo (kachinthu ka mkati mwake kosunga chibadwa chake), puloteni yotuluka mu mtima wovulala, kapena shuga wochuluka m'magazi. Azachipatala timawatchula kuti biomarker. Kale kuti tiwapeze pamafunika chipinda chodzaza ndi mabotolo ndi anthu angapo. Lero ntchito yonseyo yaikidwa m'katiriji ya pulasitiki yokwana m'dzanja, yokhala ndi tizipinda ndi tingalande topyapyala kwambiri, ndipo chip ya m'makina, kachipangizo kakang'ono ka kompyuta, ndi imene imawerenga zotsatira. GeneXpert imapangidwa ndi kampani ya Cepheid ya ku California, ndipo bungwe la WHO linaivomereza popima TB mu December 2010.

Wa mu labotale amathira mankhwala osungunula m'makhololo, miyezo iwiri ya mankhwala pa muyezo umodzi wa makhololo. Amakhutchumula, n'kudikira mphindi 15 kuti makhololo asungunuke ndiponso tizilombo tambiri tife. Kenako amatapa mamililita 2 n'kuthira m'katiriji. Ikalowa m'makina, kampini kamakankha madziwo kuchoka m'chipinda china kupita m'china. Sefa imagwira tizilombo, timatsukidwa, kenako timaphwanyidwa ndi kunjenjemera kwa mawu amene khutu silimva. DNA yotulukamo imalowa m'kachubu kopyapyala komwe imatenthetsedwa ndi kuziziritsidwa mobwerezabwereza. Ulendo uliwonse DNA imawirikiza kawiri, moti pakatha maulendo 30 kachidutswa kamodzi kamakhala katabala pafupifupi 1 biliyoni. Muli timankhwala timene timawala tikagwirana ndi DNA ya TB yokha, ndipo kuwalako n'kumene makina amawerenga. Zonsezi sizikwana maola awiri.

Maikulosikopu imafuna tizilombo 5,000 mpaka 10,000 pa mililita imodzi kuti munthu ationemo. Katiriji yoyamba inkatha kupeza tizilombo pafupifupi 130, ndipo ya Ultra, imene inabwera mu 2017, imapeza ngakhale tosakwana 20. Imayang'ananso mbali ya DNA yotchedwa rpoB. Ikaona kuti yasintha, imachenjeza kuti mankhwala a rifampicin sagwira pa TB imeneyo. Kubzala tizilombo kuti tikule, njira yakale yodziwira zimenezi, kumatenga milungu ingapo.

Nanga Invalid uja? M'katiriji iliyonse anaikamo dala tinjere ta bakiteriya wina wosavulaza ngati mboni. Makina akalephera kupeza TB komanso akalephera kupeza mboniyo, amadziwa kuti china chake chasokoneza, ndipo amakana kunena kuti munthu alibe matenda. Ine ndimawakonda makinawa chifukwa cha khalidwe limeneli. Chosokoneza nthawi zambiri chimakhala m'makhololo momwemo: tizidutswa ta nsima, magazi ambiri, kapena makhololo olimba amene sanasungunuke bwino. Pali mawu ena awiri amene mungawaone. Error imabwera ngati sefa yatsekeka kapena mankhwala a m'katiriji aonongeka. Makatiriji amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 28, ndipo makinawo safuna chipinda chopitirira madigiri 30, chinthu chovuta mu October kuno ku Harare. No result imabwera kupimako kukadukira panjira, monga magetsi akathima pamalo opanda batire yodalirika.

Popereka kachiwiri achite chonchi. M'mawa asanadye atsuke m'kamwa ndi madzi okha. Atuluke panja, kutali ndi ana, apume mozama katatu, kenako atsokomole kuchokera pansi pa chifuwa. Chofunika ndi makhololo, osati malovu, ndipo akwane theka la kasupuni ka tiyi kapena kuposa. Atseke botolo mwamphamvu, lisakhale padzuwa, lifike ku kiliniki tsiku lomwelo. Ngati anamwapo mankhwala a TB m'mbuyomu anene, chifukwa makinawa sasiyanitsa kachilombo kamoyo ndi kakufa, ndipo DNA ya tizilombo takufa imatha kukhalabe m'mapapo kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake sitigwiritsa ntchito GeneXpert poona ngati munthu akuchira. Zotsatira zikadzati TB mulibe koma chifuwa osatha, apemphe kujambulidwa pachifuwa ndi kuyezetsa HIV. Zipatala za Wilkins ndi Beatrice Road ndi zimene zimaona matenda opatsirana mu mzinda uno. Podikira, tsegulani mazenera ndipo ana aang'ono asagone nawo chipinda chimodzi.

Funso: Ndinagula kamakina koyezera shuga. Tsiku lina kanaonetsa 13.2, nditabwereza chala china kanaonetsa 8.9. Ndikhulupirire ziti? Ndine bambo wa ku Highfield.

Yankho: Bambo, kusiyana kwakukulu chonchi kawirikawiri kumachokera pa chala, osati m'magazi. Kapepala kamene mumalowetsa kali ndi kangalande kokoka magazi ndi mankhwala amene amagwirana ndi shuga n'kutulutsa kamphamvu kakang'ono ka magetsi. Chip imayeza kamphamvuko n'kukasandutsa nambala. Sidziwa ngati shugayo wachokera mumtsempha kapena pa mango amene munasenda musanayeze. Sambani ndi sopo, pukutani mpaka chala chiume, bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, ndipo musafinye mwamphamvu chifukwa madzi a m'mnofu amasungunula magazi nambala n'kutsika. Botolo la timapepala muzitseka pompo. Chinyezi ndi kutentha kwa m'galimoto zimationonga, ndipo onani tsiku lothera ntchito.

Ngakhale mutachita zonse bwino, kamakina kovomerezeka kamaloledwa kuphonya ndi 15 pa 100 iliyonse, ndiye shuga weniweni wa 10 akhoza kuoneka ngati 8.5 kapena 11.5. Munthu wochepa magazi kamamuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Choncho kamakinaka n'kolondolera matenda odziwika kale. Kuti tinene kuti munthu ali ndi matenda a shuga timafuna magazi a mumtsempha opimidwa ku labotale: shuga wa 7.0 kapena kuposa munthu atakhala maola 8 osadya, kapena HbA1c, muyezo woonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, ya 6.5 peresenti kupita m'mwamba, ndipo ngati palibe zizindikiro monga ludzu ndi kukodza pafupipafupi, timabwereza tsiku lina.

Funso: M'tauni muli anthu amene amakugwiritsa kachitsulo kolumikiza ku laputopu, pakapita mphindi imodzi n'kukuuza za chiwindi, impso ndi mavitamini. Akuti ndi luso la chip lomweli. N'zoona? Ndine mtsikana wa ku Mbare.

Yankho: Ayi, chemwali, sungani ndalama zanu. Makina enieni amafuna chinthu chochokera m'thupi, kaya magazi, mkodzo kapena makhololo, ndipo katiriji iliyonse imayankha mafunso ochepa amene inapangidwira. Ya makina a Pima imawerenga CD4, maselo oteteza thupi, m'kadontho ka magazi pa mphindi 20 basi. Ya i-STAT yoyeza troponin, puloteni ya mtima, imatenga mphindi 10, ndipo dokotala amabwerezabe pakapita maola angapo chifukwa troponin sakwera nthawi yomweyo mtima ukavulala. Kachitsulo kogwira m'manja sikakhudza chilichonse mwa zimenezi, ndipo mudzaona kuti mapeto ake amakhala kukugulitsani mabotolo a mankhwala.

Ngakhale ku America, kampani ya Theranos inalonjeza kupima matenda mazanamazana ndi timadontho ta pachala, zinapezeka kuti n'zabodza, ndipo mwini wake Elizabeth Holmes anapezeka wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama mu 2022. Musanayezetse pamalo alionse a pulaiveti, funsani chikalata cha Health Professions Authority, bungwe lopereka chilolezo ku malo azachipatala, ndipo funsani dzina la chinthu chimene akuyeza ndi muyezo wake. Akakuuzani kuti akuyeza "mphamvu ya chiwindi" popanda kutenga magazi, nyamukani muzipita.