Azakhali, maimelo a alamu sinditsegula

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva ndili m'minibasi pa Great East Road, phokoso lokhalokha, ndiye ndinati ndiyankhe ndikatsika. Mwati popeza ine ndi alamu tili kampani imodzi, ndipo makompyuta onse ali m'manja mwanga, ndisuzumireko maimelo awo tidziwe mkazi amene akulemberana naye.

Kutha ndingathe, sindikunamizani. Ntchito yangayi amati system administrator, makiyi onse ndimasunga ndine. Munthu akalembedwa ntchito ndimamutsegulira akaunti, akachoka ndimatseka tsiku lomwelo. Woiwala password amathamangira kwa ine. Usiku makina amakopera ntchito yonse ya tsikulo, ndiye backup imeneyo, ndipo m'mawa tiyi ndisanamwe ndimayamba ndaona ngati yakopedwa bwino. Mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lonse? Ine ndinkayala katoni pakhomo pa kachipinda ka maseva, makompyuta akuluakulu osungira ntchito yonse ya kampani, jekete kumutu, UPS, batire yogwirizira makina magetsi akazima, ikungoti tii, tii, tii, khutu lili kwa jenereta. Ikachedwa kulira mtima unkagunda, chifukwa malipiro a anthu onse ali m'makina amenewo. A alamu omwe.

Manje kiyi ameneyo, azakhali, anandipatsa kuti ndizikonzera zinthu, osati ndiziwerengera makalata a eni. Ndipo makina saiwala. Ndikangolowa m'bokosi la munthu, amalemba dzina langa, tsiku, ola mpaka mphindi, n'kutumiza ku seva ina imene ma auditor, ofufuza ngati zinthu zikuyenda mwa malamulo, amayang'ana. Chodabwitsa, amene anakonza kuti zolembazo zisamafufutike ndine ndemwe. Ndinadzitchera msampha ndekha, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Palinso lamulo. Chaka cha 2021 dziko lino linakhazikitsa Data Protection Act, loletsa kugwira zinsinsi za munthu popanda chifukwa chovomerezeka. Ife a makompyuta timalembetsanso ku ICTAZ, bungwe lathu limene lamulo la 2018 linakhazikitsa. Dzina likada kumeneko, ndani angandipatsenso makiyi ake mu Lusaka muno? Muno aliyense amadziwana.

Si inu oyamba ayi. Bwana wina anandiitanapo mu ofesi, n'kutseka chitseko, akuti ndimuonere zimene mtsikana wina wa ku accounts amalemba. Ndinati chabwino bwana, lembani pempholo papepala, a HR, oyang'anira za antchito, ndi loya wa kampani asaine, ndipo potsegula pakhale mboni. Mpaka lero pepalalo silinabwere. Anakhala mwezi osandipatsa moni, kenaka laputopu yawo itavuta anandipeza okha.

Komanso tinene zoona, ndani masiku ano amafunsira pa imelo ya kuntchito? Ngati zilipo zili pa WhatsApp pafoni yawo, ndipo mauthenga a kumeneko amakhala okhomedwa kuchokera foni iyi kufika foni inayo, ngakhale adutse pa Wi-Fi yathu ine sindingaone kanthu.

Msuweni wanga ndikumumvera chisoni, musaone ngati ndikuikira alamu kumbuyo. Nkhaniyi ndi ya ankhoswe, aitaneni akhale pansi onse awiri. Sondo tikaweruka ku tchalitchi ndibwera ku Chawama ndidzamuone, muuzeni asapite kwina.

Eya, ndikanaiwala. Uthenga uja muuchotse pagulu lathu la WhatsApp pano, muli ana asukulu, ndipo mng'ono wawo wa alamu aja alimonso. Dinikizani pauthengapo, musankhe pamene alemba kuti delete for everyone.