Zonanda za pa selotepu ndi m'bale wake wa ulimbo

Mayi wina wa okala ku Monkey Bay watilembera kuti: "Kodi zonanda za pa selotepu amapangira chiyani? Kukatentha imamatuka pa makatoni, pa mabotolo imasiya zonanda."

Mayi, kumbukirani ulimbo wotchera mbalame. Guluu wa kalipentala amagwira akauma, koma ulimbo umagwira chifukwa suuma. Selotepu ili mbali ya ulimbo. Zonanda zake ndi zofewa, ndipo mukatsindira zimalowa m'timaenje ta pepala tosaoneka ndi maso. Selotepu yoyamba yoonekera mkati anaipanga Richard Drew wa kampani ya 3M ku America mu 1930.

Zonandazi zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba ndi wa labala, kaya wochokera ku utomoni wa mitengo ngati ya ku Vizara ku Nkhata Bay, kaya wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi. Labala payekha sananda mokwanira, ndiye amamusakaniza ndi utomoni wina, monga wa paini, komanso mankhwala omuchedwetsa kuwonongeka. Ameneyu amagwira pompopompo. Wachiwiri ndi acrylic, pulasitiki yofewa imene imatenga maola kuti igwiritsitse, koma imapirira dzuwa ndipo siisintha mtundu msanga. Kumsana kwa tepi amapakako mankhwala oterera, n'chifukwa chake mpukutu umavundukuka osang'ambika.

Vuto lanu ndi kutentha kwathu kuno kunyanja. Mu Okutobala, pansi pa malata, zonanda zimafewa n'kuyamba kutsetsereka, pamene zivindikiro za katoni zikukoka kufuna kutseguka. Za labala zimaonongekanso ndi mpweya ndi dzuwa: zimayamba kukhala phala, kenako zimauma n'kusanduka zachikasu. Apa tikupempha ndithu, satifiketi kapena kalata ya malo ikang'ambika musamate ndi selotepu. Chikasucho chimalowerera m'pepala ndipo kuchichotsa n'kovuta kwambiri, pulasitiki ya kumsana kwa tepiyo imadzagwa yokha n'kusiya banga.

Fumbi, chinyezi ndi mafuta nazonso n'zoipa. Zala zimene zangogwira usipa zikakhudza katoni, tepi imamata pa mafutawo, osati pa katoni. Pukutani kaye ndi nsalu youma. Gulani tepi yaikulu ya mamilimita 48, iyende pamzere pokumana zivindikiro n'kutsikira m'mbali zonse ziwiri masentimita osachepera 5. Musaikoke kwambiri poimata, chifukwa imabwerera n'kudzimatula yokha. Kenako tsindirani ndi kumsana kwa supuni mpaka zoyera za mpweya zitatha pansi pake. Mipukutu ya malonda isungeni m'bokosi pamthunzi, osati pawindo la okala.

Zotsalira pa botolo, pakanipo mafuta ophikira, dikirani mphindi khumi, tikitani ndi kansalu, mutsuke ndi sopo. Palafini amachotsa msanga, koma asayandikire botolo losungira mafuta ophikira, thobwa kapena madzi akumwa.