Kuchoka ku Chileka kukafika ku Johannesburg pa ndege

Achimwene, mwafunsa za kutalika kwa ulendo wa pa ndege kuchoka pa bwalo la Chileka ku Blantyre kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, komanso nthawi imene munthu amakhala m'mwamba.

Mtunda wake, tikayeza molunjika, ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege yosaima pena paliponse imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, koma ponyamuka ndi potera imachepetsa liwiro, ndiponso mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo ulendo umatalikirako. Ubwino wake ndi wakuti nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi yofanana, choncho simudzasintha wotchi yanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwa ife a kuno ku Mangochi ndi msewu, chifukwa kuchoka pa boma kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Blantyre, minibasi imene imaima pa siteji iliyonse kunyamula anthu ndi mabasiketi a usipa imadya nthawi yambiri kuposa ndegeyo. Ine ndimakonda kukagona ku Blantyre dzulo lake, kuti ndifike pa bwalo maola atatu ndege isananyamuke, pasipoti ndi tikiti zili m'manja.

Mukasankha kukwerera ku Lilongwe pa bwalo la Kamuzu, mtunda ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo muonetsetse pa tikiti ngati ndegeyo idzayamba yatera ku Chileka, popeza zimenezi zimawonjezera nthawi.