Kodi Misa yokha siyokwanira?

FUNSO: Bambo, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimagulitsa m'sitolo ku Lilongwe. Misa sindijomba, kolona ndimapemphera ndekha, usiku ndimamvera Radio Maria. Koma a kumphakati, kagulu ka akatolika oyandikana nyumba, akundiumiriza kuti ndizisonkhana nawo. Ndinapitako kamodzi, ndinapeza amayi okhaokha, nkhani yake ya ndalama basi. Kodi ndikulakwa ndikamangopemphera pandekha?
Wowerenga wa ku Area 25

YANKHO: Mwana wanga, kupemphera kwakoko usakusiye, nkwabwino. Za ndalamazonso sindikutsutsa. Ndakhala katekisiti zaka zambiri, ndipo zimandiwawa mumtima ndikapeza msonkhano wa mphakati wasanduka bwalo loitanira mayina a amene sanapereke mtulo, Baibulo lili chitsekere patebulo. Pamenepo olakwa ndi atsogoleri, osati iwe.

Komatu miphakati sinayambire pa ndalama. Ambuye Patrick Kalilombe atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anaitanitsa sinodi, msonkhano waukulu wa dayosizi, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975. Vuto linali loonekeratu: parishi imodzi midzi yosawerengeka, wansembe kufika mwa apo ndi apo, akhristu nkumangokhala manja lende kudikira. Iwo ankafuna mpingo wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira, wozika mizu pakati pa anthu oyandikana nyumba. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, anayamba kukambirana zomwezi mu 1973, ndipo mu 1976 anaika miphakati patsogolo pa ntchito yonse ya ubusa. Boma la nthawi imeneyo linkakayikira timagulu tokumana m'makomo, mpaka Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko muno mu 1976. Pali anthu anavutikira chimene iwe ukuchionera kutalichi.

Ndikuuze mmene timachitira kwathu. Timayala mkeka pakhonde, pakatebulo nsalu yoyera, mtanda ndi kandulo. Mmodzi awerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likubwera, wina aubwereza. Kenaka tonse zii, mphindi zingapo, kumangomveka nkhuku. Ndiye aliyense atchula liwu limene lamugwira mtima. Tili ndi agogo ena osadziwa kuwerenga. Tsiku lina tikumva za mwana wolowerera, iwo anangoti, "akali kutali, atate ake anamuona," nayamba kulira. Mwana wawo anapita ku Joni kalekale, osatumiza ngakhale uthenga. Tinawapempherera pomwepo, ndipo anyamata awiri anadzipereka kukafolera nyumba yawo mvula isanagwe. Ine fanizo limeneli ndaliphunzitsa kambirimbiri, koma ndinalimvetsa tsiku limenelo.

Ku Misa ya m'tauni umakhala pakati pa chinamtindi cha anthu. Utadwala milungu itatu, adzadziwa ndani kuti pabenchi paja palibe munthu? Wayilesi imakuphunzitsa, eya, koma singakufunse chifukwa chake wasiya kulandira Ukaristia, singakudzudzule ukayamba kubera bwana wako pa chenji. Kukhululuka nako sungakuphunzire pawekha. Pamafunika munthu amene wakuponda chala, ndipo mawa mukhalanso naye pa mkeka umodzi. Werenga Ntchito za Atumwi 2:42-47 uone akhristu oyamba: kuphunzira, kunyema mkate, kupemphera ndi kugawana, zonse pamodzi, m'nyumba zawo.

Mai akunyumba atagonekedwa m'chipatala mwezi wathunthu nthawi ya dzinja, amene anandipalirira chimanga ndi a mphakati. Sindinawapemphe.

Ukuti kuli amayi okhaokha. Amayiwo ndiwo asunga miphakati zaka zonsezi, uwapatse ulemu. Amuna kulibe chifukwa aliyense amasuzumira, nkuti "kulibe amuna," nabwerera.

Tsono bwererako, osati kamodzi, koma miyezi itatu yathunthu. Tenga mnzako mmodzi. Pempha kuti uziwerenga Malembo, pakuti maso ako akadali akuthwa. Ukazolowerana nawo, kaonane ndi wapampando pambali, mwaulemu, umupemphe kuti Mawu a Mulungu aziyamba ndipo za zopereka zizibwera kumapeto. Zikakanika, kafotokozere bambo mfumu. Miyezi itatuyo ikatha undilemberenso, ndimve dzina la woyera wa mphakati wanu ndi mmene zayendera.