Chikwama mugula mawa, yambani mwayang'ana pasipoti

Chemwali wina, namwino wa ku Lilongwe, wandilembera imelo. Akufuna kusiya ntchito, azungulire dziko kwa chaka chathunthu chikwama chili kumsana, akugwira ntchito zongodzipereka m'mayiko omwe azidutsa. Funso lawo ndi lakuti agule chikwama chachikulu bwanji, nanga alongedzemo chiyani.

Chemwali, funsoli ndikudziwa komwe mwalitola. Mwakhala mukuwerenga anyamata a ku Germany ndi ku Canada, anthu oti nkhawa yawo yaikulu ndi masokosi angati. Amenewo pasipoti yawo imatsegula zitseko yokha. Yathuyi imayamba yagogoda.

Ku Kuala Lumpur ndinagona chipinda chimodzi ndi azungu otere. M'mawa tikumwa tiyi, wina anangoti tiyeni mawa tikaone Thailand. Onse anavomera, matikiti a basi n'kugulidwa pafoni pompo. Ine ndinangoti zii, kapu kumanja, chifukwa Mmalawi salowa ku Thailand popanda visa. Ankaganiza kuti ndikuumira ndalama. Ndipo kuti ndifike ku Malaysia komweko, dziko loti ife timalowa popanda visa, mtsikana wa pakauntala ya ndege anatembenuza pasipoti yanga uku ndi uku, n'kufunsa ngati Malawi ndi Mali ndi dziko limodzi. Anaitana bwana wake. Bwanayo anafuna tikiti yotulukira, adiresi ya kogona, ndi umboni wa ndalama. Amzere wanga onse anali atapita kalekale.

Ndiye ulendo wa "ndikaona konko" si wa ife. Taonani visa ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Mumalipira mayuro 90, inshuwalansi yanu ya zaumoyo ikhale yotha kukulipirirani mpaka mayuro 30,000, mumaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Chopweteka n'chakuti mumayenera kuipempha m'dziko lomwe mumakhala, ndipo simungaipemphe kutatsala miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ngati Ulaya mwamuika kumapeto kwa chaka chanu, mwamutaya. Komanso amafuna umboni woti mudzabwerera kwanu, kalata ya abwana ndi sitetimenti ya kubanki, pomwe inu mwangosiya kumene ntchito.

Za ndalama ndisayambe n'komwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Amene ankasunga za ulendo mu makwacha anadzuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo litasungunuka, ndipo kupeza madola kubanki mukudziwa nokha mmene kulili.

Koma chomwe chandiutsa mtima kwenikweni ndi mawu akuti kudzipereka. Ife tinakulira kuona achinyamata akunja akubwera ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kupaka penti kalasi yomwe mmisiri wa m'mudzimo akanaipaka bwino n'kupezapo ya ufa, kujambulitsa atanyamula ana a eni, milungu iwiri basi apita. Tinkadandaula. Lero tikachite zomwezo kwa ana a ku Nepal kapena ku Cambodia? Nyumba zambiri za ana amasiye kumeneko zimadalira ndalama za alendo, ndipo ana ambiri mmenemo makolo awo ali moyo. Nkhani yoika ana m'nyumbazi pofuna ndalama inakula mpaka Australia mu 2018 inaiwerengera m'gulu la ukapolo wamakono. Aliyense wokulipiritsani kuti mukasewere ndi ana amasiye, mukaneni. Sindikunyengerera pamenepa.

Inunso poti ndinu namwino, musaganize kuti mukafika pachipatala cha eni n'kuyamba kubaya jakisoni. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake lolembetsa anamwino, monga momwe ife tilili ndi lathu. Ngakhale za WWOOF kapena Workaway, zogwira ntchito monga kulima m'munda posinthana ndi chakudya ndi pogona, mayiko ambiri amaziwerenga ngati ntchito. Mukanena mawu amenewa pachipata muli ndi visa ya mlendo, akhoza kukubwezani ndege yomweyo.

Nanga muyambire pati?

Yambirani pafupi. Wolokani pa Songwe, mukakwere sitima ya TAZARA ku Mbeya mpaka Dar es Salaam. Mukatha mwezi mukugona ndi anthu osawadziwa, mukuchapa malaya amodzimodziwo m'beseni usiku uliwonse, mudzadziwa ngati chaka mungachithe. Kenako lumikizani mayiko otilandira popanda visa, monga Malaysia, Singapore ndi Philippines, ndipo ofuna visa muwaike koyambirira. Malamulowa amasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire kalikonse. Matikiti ozungulira dziko a Star Alliance, gulu la makampani a ndege, amagwira chaka chimodzi, ndipo Ethiopian Airlines, yomwe imatera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ili m'gululo.

Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala pa tsiku lobwerera, ndi masamba okwanira. Bayitsani katemera wa yellow fever, kakhadi kachikasu kaja kamagwira moyo wonse kuyambira 2016. Kuntchito pemphani tchuthi chosalipidwa m'malo motula pansi udindo, kalata yake idzakuthandizani pa visa.

Chikwamacho tengani cha malita 40, chisapitirire makilogalamu 7 kuti muzilowa nacho m'ndege. Muikemo chitenje.